KAVUTO KOSIYIRA MAWA: PHUNZIRO LA NDEKE IMENE INAGWA KU GABON

Caka ciri conse pa 28 Epulo, anthu ocokera ku Lilanda, Matero, George ndi makomboni ena a mu Lusaka amasonkhana ku Heroes' Acre, pafupi ndi bwalo la masewera la Independence, kudzakumbukira osewera mpira ndi anzao amene anafera m'nyanja ya Atlantic ku Gabon mu 1993. Pa mwambowo maina a akufa amachulidwa, maluwa amaikidwa pa manda, ndipo akuluakulu amasimba za luso la anyamata aja. Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene sikambidwa kawirikawiri, ndiyo ya ndeke imene inawanyamula ndi zilema zimene amisiri anaziona pa ndekeyo isananyamuke. Mbali imeneyi ndiyo iri ndi phunziro kwa amoyo, cifukwa ndeke zikali kunyamula ana a dziko lino tsiku ndi tsiku.

ULENDO WA AF-319

Timu ya dziko lino inali pa ulendo wa ku Dakar kukasewera ndi Senegal pa mpikisano wofuna malo ku World Cup ya 1994. Pa 25 Epulo inali itagonjetsa Mauritius kwao komweko ndi zigoli 3 kwa 0, zonse zitatu zomwetsedwa ndi Kelvin Mutale. Popeza bungwe la mpira la FAZ linalibe ndalama zokwanira kulipirira ndeke ya anthu wamba, timu inapatsidwa ndeke ya gulu la asilikali la Zambia Air Force, ya mtundu wa Buffalo, nambala yace AF-319.

Buffalo ndi ndeke ya injini ziwiri yopangidwa ndi kampani ya de Havilland ku Canada. Nchito yace yeniyeni ndiyo kunyamula asilikali ndi katundu pa maulendo aafupi, ndi kutera pa mabwalo aang'ono a dothi. Kucokera ku Lusaka kufika ku Dakar pali mtunda wa makilomita pafupifupi 6,000, cotero ndekeyo inayenera kuima katatu kuti imwe mafuta: ku Brazzaville, ku Libreville ndi ku Abidjan.

AF-319 inapangidwa mu 1975. Kuyambira cakumapeto kwa 1992 inakhala pansi osauluka kwa miyezi ingapo, ndipo inabwezedwa pa nchito pa 21 Epulo 1993, kutatsala sabata imodzi cabe kuti ulendo wa ku Senegal ucitike. Poiyesa ndi poipima, amisiri anapeza tizidutswa takuda tonga makala m'sefa za oilo, mawaya ena osalumikizika, ndi zizindikiro zakuti mbali zina za injini zinali kutentha kopitirira muyeso. Ulendo sunaimitsidwe. Pofika ku Brazzaville vuto la injini linaonekanso, koma ndeke inapitirira ulendo wace.

Usiku wa pa 27 Epulo, itangonyamuka ku Libreville, injini ya kumanzere inagwira moto. Woyendetsa anazimitsa injini ya kumanja, imene inali yabwino, ndipo ndeke inatsala yopanda mphamvu iri yonse. Inagwera m'madzi pa mtunda wa mamita pafupifupi 500 kucokera ku gombe. Anthu onse 30 anafa: osewera 18, pakati pao Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Eston Mulenga ndi Timothy Mwitwa, aphunzitsi ao Godfrey Chitalu ndi Alex Chola, wa pampando wa FAZ Michael Mwape, dokotala, mtolankhani ndi ena operekeza timu, ndiponso asilikali asanu ogwira nchito m'ndekemo. Uthenga unafika m'dziko muno m'mawa mwa pa 28 Epulo.

Zotuluka m'kafukufuku wa Boma la Gabon zinaululidwa mu Novembala 2003, patapita zaka khumi. Lipotilo linachula zinthu zitatu: cilema ca injini ya kumanzere pamodzi ndi zipangizo zocenjeza zimene sizinali kugwira bwino, kulakwitsa kwa woyendetsa, ndi kutopa kwace, pakuti dzulo lace yemweyo ndiye anabweretsa timu kucokera ku Mauritius. Akale anati tsoka silinunkha. Koma tsoka iri linanunkha ku Lusaka, linanunkhanso ku Brazzaville, ndipo panalibe amene anaimitsa ulendo.

KUCEDWETSA NKOLOLEDWA, KOMA KULI NDI MALIRE

Owerenga ena angadabwe kumva kuti ndeke zambiri zimene ziuluka tsiku ndi tsiku pa dziko lonse zimanyamuka ziri ndi kanthu kena kosagwira nchito, ndipo malamulo amalola zimenezi. Ndeke yaikulu iri ndi zipangizo zikwizikwi, ndipo zambiri mwa zofunika zinaikidwa ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu kuti cina cikafa cinzace cigwire. Kukanakhala kuti nyali iri yonse ikathima ndeke iima, bwenzi palibe ulendo umene ukanafika pa nthawi yace.

Cifukwa ca ici, kampani iri yonse ya ndeke imakhala ndi buku lochedwa Minimum Equipment List, lobvomerezedwa ndi bungwe la Boma loyang'anira za ndeke. Bukuli linena zinthu zimene zingakhale zakufa ndeke nkuulukabe, linena zoyenera kucita kuti ulendo ukhale wosaopsya, ndiponso liika tsiku lomaliza lokonzera. Zilema zinagawidwa m'magulu anai. Za m'gulu B ziyenera kukonzedwa pasanathe masiku 3, za m'gulu C masiku 10, za m'gulu D masiku 120, ndipo za m'gulu A ziri ndi nthawi yace yolembedwa pa cinthu comweco. Nyali ya pa mpando wa wokwera ingadikire. Injini yodwala singadikire, ndipo simupezeka m'bukumo nkomwe, pakuti lamulo ndi lakuti cinthu ciri conse cokhudza moyo wa ndeke cimene sicinalembedwemo ciyenera kugwira nchito ndeke isananyamuke.

Cilema cikacedwetsedwa cimalembedwa m'buku la ndekeyo, injiniya wokhala ndi laisensi amasaina, ndipo kacikwangwani kamamatidwa pamaso pa oyendetsa kuti asaiwale. Wotsiriza kuona bukulo ndiye kaputeni. Ngakhale malamulo atalola, iye ali ndi mphamvu yokana ndekeyo ngati aona kuti usiku, mvula kapena kutalika kwa ulendo kudzakulitsa kavuto kamene kaoneka kakang'ono ndeke iri pansi.

Dongosolo limeneli ndi labwino pamene litsatidwa mokhulupirika. Limasanduka msampha m'njira zitatu: pamene cilema cicedwetsedwa gwero lace lisanadziwike, pamene tizilema tambiri taunjikana pa ndeke imodzi, ndi pamene kusuntha tsiku lokonzera kwasanduka cizolowezi.

Njira yoyamba inaoneka ku Madrid pa 20 Ogasiti 2008. Ndeke ya Spanair inabwerera isananyamuke cifukwa kacipangizo kopima kutentha kwa mpweya wa kunja kanali kutentha kokha. Amisiri anangodula magetsi opita ku kacipangizoko, monga buku linali kulolera, ndipo ndeke inapita kukanyamuka. Oyendetsa, pofulumira, anaiwala kutambasula zitsulo za kumbuyo kwa mapiko zimene zithandiza ndeke kukwera, ndipo belu loyenera kuwacenjeza silinalire. Anthu 154 anafa. Njira yacitatu inaoneka pa 31 Januwale 2000, pamene ndeke ya Alaska Airlines inagwera m'nyanja ku California ndi kupha anthu 88. Cikuluwa cacikulu coyendetsa cipsepse ca kumbuyo cinali citatha mano cifukwa cosowa girizi, ndipo ofufuza anapeza kuti kampaniyo inali itatalikitsa nthawi yothirira girizi ndi yopimira citsuloco, akuluakulu a Boma atabvomereza.

KUZUNGULIRA NDEKE ISANANYAMUKE

Wokwera amene ayang'ana pa zenera ku bwalo la Kenneth Kaunda angaone munthu wobvala cobvala cowala akuzungulira ndeke pang'onopang'ono, usiku ali ndi tochi m'manja. Ameneyo ndi mmodzi wa oyendetsa kapena injiniya, ndipo nchito imene agwirayo icitika ulendo uli wonse usanayambe. Amayang'ana matayala ndi mabuleki, amafufuza ngati mafuta kapena oilo akudontha pansi pa mapiko ndi injini, amaona ngati pali ming'alu kapena pamene mbalame inagunda, ndipo amatsimikiza kuti zotsekera zonse zimene zinaikidwa ndeke itaima zacotsedwa. Amayang'anitsitsanso timachubu ndi timabowo ting'onoting'ono ta ku mphuno ndi m'mbali mwa ndeke, timene tiuza oyendetsa liwiro ndi kutalika kwa kumene ali.

Timabowo timeneti tinapha anthu ambiri mu 1996. Pa 6 Febuluwale, ndeke ya Birgenair inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata m'dziko la Dominican Republic, ndipo anthu 189 anafa. Inali itakhala pansi pafupifupi masabata atatu, ndipo ofufuza anakhulupirira kuti kachubu kopima liwiro kanatsekedwa ndi cisa ca mabvu aja amene amanga ndi dothi, onga amene amanga pa zipupa za nyumba m'makomboni. Pa 2 Okutobala caka comweco, ndeke ya Aeroperú inagwa pafupi ndi Lima ndi kupha anthu 70, cifukwa otsuka ndeke anamata tepi pa timabowo tija ndipo palibe amene anaiona poizungulira usiku. Ndeke imene yakhalitsa pansi, monga inacitira AF-319, ifunika maso oposa ndeke imene iuluka masiku onse, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

M'cipinda ca oyendetsa nchito imapitirira. Mmodzi amawerenga mndandanda wa zinthu zoyenera kupima, mnzace nayankha cimodzicimodzi atakhudza ndi kuona. Pa za moto wa injini lamulo ndi lolimba koposa: ndeke ya injini ziwiri inapangidwa kuti ithe kuuluka ndi imodzi, cotero oyendetsa onse awiri ayenera kubvomerezana kuti yodwala ndi iti asanazimitse. Kulakwitsa kumene kunacitika ku Libreville kunacitikanso ku Kegworth m'dziko la England pa 8 Januwale 1989, kumene injini ya kumanzere inaonongeka, oyendetsa nazimitsa ya kumanja, ndipo anthu 47 anafa. Izi zisonyeza kuti ngakhale woyendetsa wodziwa nchito angasokonezeke. Munthu wotopa, usiku, pamwamba pa nyanja, zipangizo zikumuuza zosadalirika, amakhala ndi masekondi owerengeka cabe. Nchito ya amisiri ndi akuluakulu a pansi ndiyo kuona kuti iye asafike pa masekondi amenewo.

CIMENE CIPANGITSA ANTHU KUNENA KUTI MAWA

Munthu wa ku Lilanda amene akwera minibasi m'mawa uli wonse kupita ku tauni aidziwa bwino nkhaniyi, ngakhale sanakwerepo ndeke. Adziwa tayala lakutha limene liyenera kusinthidwa mwezi ukatha, citseko comangidwa ndi waya, ndi mabuleki amene agwira pokhapokha dalaivala atapondaponda kawiri. Adziwanso cifukwa cace. Mwini galimoto ayembekeza ndalama za tsikulo madzulo, ndipo tsiku la ku galaja ndi tsiku lopanda ndalama. Dalaivala akakana kuyendetsa, makiyi amapatsidwa kwa wina amene ali cire kudikira pa siteshoni. Ndipo popeza galimotoyo inafika bwino dzulo ndi dzana, onse amayamba kukhulupirira kuti idzafikanso lero.

Maganizo omwewo amalowa m'mabwalo a ndeke. Kusiyana kwace ndi kwakuti minibasi ikafa pa mseu wa Lumumba okwera amatsika ndi kudikira ina, pamene ndeke iribe m'mbali mwa mseu moimira.

Mu 1993 zinthu zitatu zinakumana. Coyamba cinali kusowa kwa ndalama. Cuma ca dziko cinali pa mabvuto, Kwacha inali kutha mphamvu, ndipo masipeya a ndeke agulidwa kunja ndi ndalama za kunja. Ngakhale kampani ya Boma ya Zambia Airways inali kumira m'ngongole, ndipo inatsekedwa mu Disembala 1994. Caciwiri cinali kucepa kwa nthawi: tsiku la mpira linali litaikidwa kale, dziko lonse linali kuyembekeza, ndipo kuimitsa ulendo kukanaoneka ngati kucititsa dziko manyazi. Cacitatu, cimene ciri cacikulu koposa, cinali kusowa kwa munthu woima payekha, wosalamulidwa ndi mwini ndeke kapena mwini ulendo, amene mau ace akuti iai akanakhala otsiriza. Pamene woona cilema ali pansi pa wofuna ulendo, cilemaco cimacepa pamene cikwera makwerero a maofesi.

Ndalama zimene zinapulumutsidwa posabwereka ndeke yoyenera zinalipiridwa pambuyo pace mowirikiza. Mabanja a akufa anayenda ku makhoti zaka zambiri, ndipo nkhani ya cipukuta misozi inagamulidwa mu 2002, ndalama zace pafupifupi madola 4 miliyoni. Timu yatsopano inafika pa ndime yomaliza ya cikho ca Africa mu 1994, ndipo pa 12 Febuluwale 2012 Zambia inatenga cikhoco mu Libreville momwemo. Cimwemwe cimeneco cinatonthoza dziko, koma sicinabwezere ana amasiye atate ao.

NDEKE ZA ASILIKALI NDI ANTHU WAMBA

Pali mpata wina m'malamulo umene anthu ambiri saudziwa. Pangano la ku Chicago la 1944, limene linakhazikitsa bungwe la ICAO loyang'anira za ndeke pa dziko lonse, likhudza ndeke za anthu wamba zokha. Ndeke za asilikali, za apolisi ndi za akasitomu ziri kunja kwace, ndipo dziko liri lonse limaziikira malamulo aceace. Pa zifukwa za citetezo zimenezi ndi zomveka. Koma pamene ndeke ya asilikali inyamula osewera mpira, nduna kapena odwala, anthu amenewo amakwera osadziwa kuti malamulo amene ateteza wokwera ndeke ya kampani sawafika.

Anansi a ku Malawi analawa zowawa zomwezi pa 10 Juni 2024, pamene ndeke ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi kupha waciwiri kwa mtsogoleri wa dzikolo, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analoza cala pa kuuluka pafupi ndi mapiri nyengo iri yoipa. Koma anapezanso kuti ndekeyo inalibe makina osunga mau ndi mbiri ya ulendo, ndiponso kuti batire la kacipangizo kotumiza cizindikiro ndeke ikagwa linatha nthawi yace mu 2004. Kacipangizoka sikagwetsa ndeke, koma ndiko kalondolera opulumutsa kumene yagwera. Zotsala za ndekeyo zinapezeka m'mawa mwace, pa 11 Juni. Batire limene linayenera kusinthidwa linadikira zaka 20.

ZIMENE ZASINTHA NDI ZIMENE ZATSALA

Ku mbali ya ndeke za anthu wamba, dziko lino layenda mtunda. Mu 2009 akatswiri a ICAO anapeza zoperewera zazikulu pa kayang'aniridwe ka makampani a ndeke m'Zambia, ndipo caka comweco maiko a European Union analetsa makampani onse a kuno kuulukira kwao. Cinali citonzo, koma cinadzutsa ogona. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe loima palokha la Civil Aviation Authority, mu 2016 lamulo latsopano la za ndeke linapangidwa, ndipo mu Juni caka comweco ciletso cija cinacotsedwa. Mu Disembala 2021 Zambia Airways inayambanso kuuluka mogwirizana ndi Ethiopian Airlines. Koma malamulo olembedwa bwino sazungulira ndeke usiku ndi tochi. Acita zimenezo ndi anthu, ndipo anthu amatopa, amaopa akuluakulu ao, ndiponso amazolowera.

Cifukwa cace pali zinthu zimene aphungu a Nyumba ya Malamulo, atolankhani ndi nzika wamba ayenera kumazifunsa kosalekeza. Ndeke iri yonse ya Boma imene inyamula anthu wamba iyenera kupimidwa ndi muyeso wosacepera wa ndeke za makampani, ndipo buku lace la zilema zocedwetsedwa liyenera kuonedwa ndi diso la kunja kwa gulu limene liyendetsa ndekeyo. Ndalama za masipeya, ndi za maphunziro a amisiri ku sukulu zonga ZASTI, ziyenera kuikidwa padera pogula ndeke, pakuti mtengo wa ndeke suthera pa tsiku loigula. Maola opumula a oyendetsa ayenera kulemekezedwa ngakhale ulendo uli wa mtsogoleri kapena wa timu ya dziko. Mabungwe amasewera nao ayenera kuwerengera mtengo wa ulendo wosaopsya asanalowe mpikisano, osati kufunafuna cotsika mtengo kutatsala masiku awiri.

Ngozi ikacitika, lipoti lace liyenera kutuluka msanga ndiponso lonse lathunthu. Malamulo a ICAO afuna kuti lipoti lomaliza lituluke, ngati nkotheka, pasanathe miyezi 12, ndipo colinga cace ndico kuletsa ngozi ina, osati kupeza wopalamula. Zaka khumi zimene dziko lino linadikira lipoti la ku Gabon zinadzaza ndi mphekesera, zina zonena kuti ndeke inacita kuomberedwa, ndipo mphekeserazo zinaononga ubale wa Zambia ndi Gabon kwa nthawi yaitali. Zinacititsanso kuti phunziro lenileni, la sefa za oilo, mawaya ndi woyendetsa wotopa, licedwe kufika kwa amene anafunika kulimva.

Koposa zonse, injiniya amene akana kusaina ndi kaputeni amene akana kunyamuka ayenera kutetezedwa ndi lamulo ndi kulemekezedwa ndi akuluakulu ao. Okwera nao ali ndi mbali yao. Amalonda opita ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, asilikali opita kukasungitsa mtendere kunja, ndi anyamata a m'makomboni amene mpira udzawakweza ndeke, onse adzamva tsiku lina cilengezo cakuti ulendo wacedwa cifukwa amisiri akali kukonza kanthu. Kudandaula pa nthawi yotero ndi cibadwa ca munthu, koma kuthamanga sikufika. Timu ya 1993 ikanagona ku Brazzaville kudikira ndeke ina, dziko likanang'ung'udza sabata imodzi, kapena Senegal ikanapatsidwa mapointi, ndipo lero nkhaniyo bwenzi itaiwalika kalekale.